Nkhono ya Mwala ndi Dothi la Achimwene

Ine maulendo sindiwakonda. Ndine mmisiri womanga nyumba za njerwa kuno ku Mongue, ndipo kutali kumene ndinkafika ndi ku Mocuba, kukagula malata. Ulendo wa kutsidya kwa Zambezi anandiyendetsa ndi mayi anga.

Achimwene anga a Batista anagwidwa nthawi ya nkhondo kuti azikasenza katundu wa asilikali. Ife tinathawira ku Malawi, kumsasa. Mtendere utabwera tinabwerera, ndipo kunafika bambo wina wa ku Liciro amene anagwidwa nawo pamodzi. Anati a Batista anadwala m'mimba ku Cheringoma, pamene gulu lawo linamanga msasa m'mbali mwa khwawa la miyala. Anafera pomwepo, anzawo n'kuwakwirira. Dzina la khwawalo bamboyo sankalidziwa. Anapereka kwa mayi kamwala kamene achimwene anatola m'khwawamo n'kumasunga m'thumba. Kanali ngati nkhono yaitali yosongoka, kutalika ngati chala chapakati, mbali imodzi itamatirira ku kachibuma ka mwala. Bambo uja anamwalira kalekale.

Mayi anakamanga pakansalu n'kukasunga. Chaka chatha anayamba kudwala miyendo, kenako chifuwa. Anati safuna kutsikira kumanda mwana wawo alibe malo kwawo. Ankafuna dothi la pamene anagona kuti tidzaliike kumanda a kwathu. Ine ndinati Cheringoma ndi dziko, si munda.

Anayambitsa zonse ndi Rozita, mwana wa mlongo wanga Marieta. Amaphunzira za miyala ku Beira. Atabwera kutchuthi anaona kamwala kaja m'manja mwa agogo ake.

"Agogo, iyi si nkhono ya kumunda. Ndi ya m'nyanja yamchere. Inafa kalekale n'kusanduka mwala."

"Nyanja ku Cheringoma?" ndinafunsa.

"Inaliko, amalume. Nthawi imeneyo anthu kunalibe."

Anati iye ndi anzake a kusukulu anakafikako. Nkhono zazitali zotere anazipeza m'makhwawa awiri, lina kumpoto, lina kummwera, ndipo khwawa lililonse lili ndi mtundu wakewake. Akadziwa mtundu, khwawa ladziwika.

Mayi anandiyang'ana. Basi, ulendo unapsa.

Rozita anapempha kuti akatsuke kamwalako kaye. Mayi anakana. Anandipatsa ine m'manja n'kunena kuti, "Kabwere kathunthu. Cha Batista chimene ndili nacho ndi chokhachi."

Mpaka ku Milange ine ndi Rozita tinapita panjinga zakabaza. Pa parajemu, pokwerera magalimoto, tinapeza shapa, minibasi ya ku Mocuba, ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Tinalipira, tinakhala. Munthu akalowa, mmodzi mwa amene tinawapeza aja ankatuluka. Anali anyamata a kobrado, kondakitala wa shapayo, ongokhalira mipando kuti galimoto izioneka yodzaza. Tinafika dzuwa likutuluka, tinanyamuka lili paliwombo.

Pambali panga panakhala mayi wa ku Muloza, wogulitsa nyemba. Thumba lake limodzi analiika pamiyendo panga osapempha.

"Bambo, mtsikanayu ndi mkazi wachiwiri kapena wachitatu?"

"Ndi mwana wa mlongo wanga."

"Onse amatero. Nanga nkhope mwaimangiranji chonchi, mukukaika maliro?"

"Ee."

Sanandifunsenso. Thumba lake analichotsa.

Msewu wa ku Mocuba tsopano ndi watala. Zimenezo sizinaletse tayala kuphulika titadutsa pa Namanjavira. Tayala losinthira linalipo, jeke panalibe. Amuna tinatsika, tinanyamula galimoto ndi manja, kobrado n'kulowetsa chitsa pansi pake. Akazi anatipatsa malangizo ali pamthunzi.

Tisanalowe m'tauni apolisi anatiimitsa. Chigawo chino kumakumbidwa miyala yamtengo wapatali, ndiye amasecha zikwama. Wapolisi anamasula kansalu ka mayi. Rozita anamufotokozera m'Chipwitikizi, nkhani yaitali. Iye anakweza kamwalako kudzuwa, kufuna kuona ngati kakuwala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nkhono?"

"Nkhono, shefi."

"Mukupita nayo kuti?"

"Kwawo."

Anaseka, anandibwezera.

Ku Mocuba tinagona kwa msuweni wathu. M'mawa ndinapeza Rozita pakhonde ndi beseni, sopo ndi mswachi, akutsuka kamwala kaja. Ndinamusiya. Mayi anali kutali, ndipo kutsuka si kuswa. Atamaliza anatulutsa kagalasi kake kokuza zinthu, kamene amakoleka m'khosi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatembenuza, anayang'ananso.

"Khalani pansi, amalume."

Ndinakhala.

"Nkhono zazitalizi mukaziona patali zimafanana. Timayamba ndi kazunguliridwe ka chigoba, ngati m'mbali mwake ndi motupa kapena mowongoka. Iyi ndi yowongoka, koma mitundu yonse iwiri ndi yotero. Kukamwa kwake kukanatithandiza, koma kwabisika m'chibumamu. Ndiye zatsala ndi mizere."

Anandionetsa zithunzi mufoni. Pachigoba pamakhala mizere yotukuka, yozungulira kuchokera kunsonga mpaka kukamwa ngati chingwe chokulungidwa pamtengo. Nkhono ya khwawa la kumpoto ili ndi mizere iwiri yonenepa, yosalala, pa kuzungulira kulikonse. Ya kummwera ili ndi itatu yopyapyala, yokhala ndi titokoso tondondozana ngati mikanda. Mwala wake umasiyananso. Wa kumpoto ndi woyera ngati laimu, wa kummwera ndi wachikasu, wamchengamchenga.

"Ndiye yathuyi ndi iti?"

"Yathuyi ilibe mizere."

Ndinaigwira. Inali yosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Chibuma chake sichinali choyera kapena chachikasu. Chinali chakuda ngati kunsi kwa mphika.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Lamulungu lililonse mayi akachoka kutchalitchi ankamasula kansalu kaja, kudontheza mafuta ophikira pankhonoyo, n'kumaisisita ndi chala chachikulu uku akupemphera. Ankaidzoza monga amadzozera mwana akamusambitsa. Anachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu. Tonse tinkaona, palibe ankaganizapo kanthu.

"Agogo aifufuta," anatero Rozita.

"Anaisamala."

"Ee. Mpaka kuitha."

Anati mizere yatsala malo amodzi okha, mbali imene yamatirira ku chibuma, kumene chala cha mayi sichinafike. Kuti tiione pafunika kuchotsa chibumacho.

"Ikasweka?"

"Ikhoza kusweka."

"Ndiye ayi."

"Ndiye tibwerere?"

"Ayi."

Anapukuta nkhonoyo, ndinaimanga, tinapita kukakwera.

Kuchokera ku Mocuba mpaka ku Nicoadala palibe chinachitika. Kobrado anafuna kutilipiritsa chikwama ngati munthu, Rozita anamukalipira, anasiya. Pa Nicoadala tinatsika kudikira galimoto ya ku Caia. Malo amenewa ndi a zinanazi. Ogulitsa amakuika chinanazi pamphuno usanaponde pansi. Rozita anagula chimodzi, tinadya, manja anamata, madzi panalibe.

Inabwera shapa yakale, zitseko zomanga ndi waya. M'katimo munali mkulu wina wa Chilomwe, wogulitsa fodya wopera m'timabotolo. Anaona Rozita akuyang'ananso nkhono ija ndi kagalasi.

"Mwana wanga, undigulitse. Nkhono yokalamba ukaiwotcha imatulutsa laimu wabwino wothira ku fodya."

"Iyi ndi mwala, agogo."

"Ndi yokalamba zedi ndiye. Fodya wake munthu angayetsemule mpaka Pasaka."

Anthu anaseka. Ine ndinalanda nkhonoyo n'kuika m'thumba la malaya.

Msewu wa kumeneku ndi maenje olumikizidwa ndi tala. Pa Zero, pamene pamapatukira msewu wa ku Morrumbala, injini inayamba kutulutsa nthunzi. Lamba wa fani anali ataduka. Dalaivala anakwera njinga ya munthu kukafuna wina. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango wopanda zipatso. Ana anabwera ndi mazira owiritsa, anagulitsa, anapita. Mkulu wa fodya anagona chagada, chipewa kumaso. Mayi wina anachapa matewera ndi madzi a m'botolo n'kuyanika pagalasi la galimoto. Dalaivala anabwera dzuwa litapendeka, lamba sanamupeze. Anadula mphira wa chubu, anapota, anamanga. Tinayenda ngati tikuperekeza mkwati. Zambezi tinamuwoloka kukuyamba kuda. Mlatho wake ndi wautali. Madzi sindinawaone bwino.

Ku Caia tinagona pakhonde la sitolo pamodzi ndi anthu ena odikira magalimoto. Udzudzu wa kumeneko ndi wa mtundu wina.

M'mawa galimoto ya ku Inhaminga panalibe. Panali lole yonyamula makala imene inkabwerera yopanda katundu, koma mwini wake anati anyamuka masana, akadya. Rozita anamufunsa za makhwawa aja. Anati la kumpoto mumatsikira pa Inhamitanga, la kummwera mumapitirira mpaka ku Inhaminga. Konseko ndi njinga yamoto, kenako miyendo. Analoza kumwamba. Mitambo inali itayamba kusonkhana. Anati mvula yoyamba ikangogwa, dothi lakuda la kumeneko limatseka njira, njinga yamoto siyenda. Tikasankha molakwa, khwawa linalo tidzaliona chaka chamawa.

Foni ya Rozita inalira. Anali mayi ake, Marieta. Anandipatsa foniyo.

"Achimwene, mwafika?"

"Tili pa Caia."

"Amayi asiya nsima. Akungomwa phala, ndiponso pang'ono. Akufunsa ngati mwafika."

"Uwauze tatsala pang'ono."

Ndinabweza foni. Ndinatulutsa kansalu, ndinapatsa Rozita.

"Chotsa chibumacho."

Anagula singano yosokera matumba pamsika. Anakhala pansi, nkhono pabondo, n'kuyamba kutokosa mchenga umodziumodzi. Anati kusukulu ntchito imeneyi amaigwira masiku, ndi zida zake. Ndinamuyang'anira m'mawa wonse. Pofika masana anali atatsegula malo ngati kambewu ka mpunga. Anati akuona chiyambi cha mzere umodzi. Mzere umodzi mitundu yonse iwiri ili nawo. Mwini lole anali akusamba m'manja.

Pafupi panali wokonza njinga. Ndinabwereka msomali ndi kahamala.

"Amalume, uyu si simenti."

"Mwala ndi mwala."

"Agogo ananena kuti…"

"Ndinamva."

Ndinaika nkhono pa chidutswa cha tayala, msomali pamsoko pamene chigoba chinakumana ndi chibuma. Ndinagogoda pang'onopang'ono monga ndimachotsera matope panjerwa yakale. Poyamba zinkayenda. Kenako chibuma chinagwa. Nkhono nayo inathyoka pakati.

Wokonza njinga anati, "Aaa." Rozita anawerama. Anatola chidutswa cha kunsonga, anauzira fumbi, anaika kagalasi.

"Itatu," anatero. "Ili ndi timikanda."

Anandipatsa kagalasiko. Ndinavutika kukagwira bwino, kenako ndinaona. Mizere itatu yopyapyala, titokoso tili ndondondo, takuthwa ngati tapangidwa dzulo. M'kati mwa chibuma, mmene mafuta sanalowe, munali mwachikasu. Ndinafikisa ndi chala, munatuluka mchenga.

"Agogo ndikawauza kuti ndaswa ndine," anatero Rozita.

"Ndikawauza ndekha."

Ndinabweza hamala. Tinakwera lole.

Pa Inhamitanga sitinatsike. Msewu wa ku Inhaminga ndi wafumbi, m'nkhalango. Tinakhala kumbuyo pa fumbi la makala. Pofika tinali ngati taotchedwa. Tinagona kwa katekisiti amene Rozita ankamudziwa. Katekisitiyo anati za manda a nthawi ya nkhondo tikafunse mayi wina wachikulire, a Dominga, amene amalima pamwamba pa khwawalo. Mayiyu sanathawe nkhondo. Ankabisala m'mapanga.

Tinapita panjinga zamoto ziwiri mpaka pamene njira inathera. Oyendetsa anati mvula ikayamba satidikira. Kuchokera apo tinayenda wapansi, kutsetsereka. A Dominga tinawapeza akusosa m'munda wa mapira. Amalankhula Chisena. Ndinkamva theka, lina ankamasulira Rozita.

Rozita anati tiyambe tatsikira m'khwawa, titsimikize. Munali mouma. Khoma lake linali lalitali kuposa nyumba, lachikasu. Anakanda ndi singano ija, nkhono n'kumagwa. Zinalimo zambiri, ngati wina anachita kuthira. Zina zinali zozungulira ngati nthudza, zosalala, zokhala ndi kabowo kunsi.

"Izi si zathu," anatero, n'kuziika padera.

Anatola yaitali yathunthu, anaiika pachikhato changa pambali pa chidutswa cha achimwene. Anawerenga mizere ndi nsonga ya singano, uku itatu, uku itatu. Anayerekeza kusongoka kwake. Anayang'ana kukamwa kwa yathu, kumene tsopano kunali poyera, kozungulira kopanda mlomo wotambasuka. Inzake inalinso chimodzimodzi.

"Ndi pano, amalume."

Ndinayang'ana khomalo. Munthu wodwala m'mimba, wosenza katundu wa eni ake, anawerama apa n'kutola nkhono. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Achimwene ankakonda kutola zinthu.

A Dominga anatitengera pamwamba. Pakati pa munda wawo panali malo osalimidwa, udzu ndi zitsamba. Anakankha udzu ndi khasu. Panali milu ya miyala inayi, yotsika, ina itabalalika.

"Apa sitilima," anatero. "Onsewa anali osenza katundu. Anzawo anawakwirira, ife tinaikapo miyala poopa afisi."

"Wa ku Milange ndi uti?" ndinafunsa.

"Mayina sitinafunse. Nthawi imeneyo munthu wofunsa mayina sankakhalitsa."

"Wamtali, woyera pang'ono, wa mpata kumano."

"Mwana wanga, ine ndinaona miyala. Nkhope sindinazione."

Ndinayang'ana Rozita.

"Nkhono yathera apa, amalume. Zoposa apa singatiuze."

Kumwamba kunagunda. Ndinavula chipewa. Ndinabwereka khasu la a Dominga, ndinapala dothi pa mulu woyamba n'kuthira m'kathumba kamene ndinatenga kunyumba. Ndinapita pa wachiwiri, ndinachita chimodzimodzi. Mpaka yonse, kathumba kamodzi.

"Mukutenga onse?" anafunsa a Dominga.

"Onse."

"Chabwino. Chichokereni nkhondo palibe anabwerapo."

Tinapemphera Atate Athu, iwo m'Chisena, ife m'Chinyanja. Tinathamangira njinga zija. Mvula inatipeza tikulowa mu Inhaminga.

Kwathu ukanyamula dothi la womwalira suyenda naye chete. Pa mtsinje uliwonse umamuuza, kuopa kuti angatsalire kutsidya. Mitsinje ing'onoing'ono ndinkanong'ona. Pa Zambezi ndinali m'shapa yodzaza, wailesi ili pamwamba, kathumba pamiyendo. Kunong'ona sikukanamveka. Ndinakweza mawu.

"Achimwene, tikuwoloka Zambezi. Inu enanu mayina sindikudziwani. Tiyeni tonse."

Kobrado anandiyang'ana, anayang'ana kathumba. Anagwira dalaivala paphewa, wailesi inazima. Inakhala yozima mpaka tinatsika mlatho. Pa mtsinje wa Licungo, ku Mocuba, ndinanenanso. Zina za ulendo wobwerera ndi zomwe zija, kudikira ndi maenje.

Mayi tinawapeza pamphasa, pakhonde, atatsamira khoma. Anali atachepa. Marieta anati a mpingo akonza kale, adzukulu akumba kadzenje kakang'ono pafupi ndi manda a bambo, kokwana thumba.

Ndinagwada, ndinamasula kansalu. Zidutswa ziwiri ndi chibuma.

"Kasweka," ndinatero.

"Waswa ndani?"

"Ine."

Anayang'ana zidutswazo, anandiyang'ana ine. Anamanganso kansalu n'kuika pansi pa ntchafu.

"Dothi?"

Ndinaika kathumba patsogolo pawo.

"Ndi lake?"

Ndinawauza mmene zinalili. Khwawa ndi lomwelo, Rozita watsimikiza. Milu ndi inayi, yopanda mayina. Ndatapa ponse.

"Lake lilimo," ndinatero.

Anamasula kathumba okha. Analowetsa dzanja m'dothimo mpaka m'mfundo, n'kulisiya momwemo nthawi yaitali. Kenako anaitana mlongo wanga.

"Marieta, pita ukawauze adzukuluwo. Kadzenje kawoko n'kochepa. Akumbe lotakata. Batista wabwera ndi anzake."